Mutu 6: Kapepala Kopanda Piritsi

1. Bokosi la maganizo

Matipate atabwera, aliyense anatola ufulu umene unamukomera. Atsikana ena anatola ufulu wovala thalauza, anyamata ena wosunga tsitsi, ndipo akuluakulu ambiri anatola ufulu wolankhula ngakhale analibe choti anene. Ophunzira a pa sekondale ya mishoni, m'munsi mwa phiri la Chongoni, anatola bokosi.

Linali bokosi lathabwa, lopakidwa utoto wobiriwira, lokhomedwa pakhoma la holo pafupi ndi khomo la kukhitchini. Ankalitcha bokosi la maganizo. Aliyense wokhala ndi dandaulo ankalemba pa kapepala n'kuponyamo, osalemba dzina.

Koma ana asukulu si opusa. Ankadziwa kuti mphunzitsi amene wachonga makope ako zaka zitatu amadziwa malembedwe ako kuposa mayi ako okubala. Choncho anapangana ndi ahedi kuti kiyi azisunga wophunzira mmodzi wosankhidwa ndi anzake. Lachitatu lililonse wophunzirayo azitsegula bokosilo ali yekha, azikopera zonse m'buku ndi dzanja lake, kenako mapepalawo aziwatentha. Aphunzitsi aziona buku lokha basi.

M'chaka cha 1995 kiyiyo anali m'khosi mwa Clotilda, mtsikana wa Fomu 3. Tsiku limene anamusankha, analumbira pamaso pa sukulu yonse kuti sadzatchula dzina la wolemba aliyense, ngakhale atamuzindikira.

Ntchitoyi nthawi zambiri inali yoseketsa. Wina ankadandaula za nyemba zofumbwa. Wina ankati aphunzitsi a masamu amacheza ndi bolodi m'malo mophunzitsa anthu. Panalinso wina wosowa chochita amene sabata iliyonse ankamufunsira Clotilda chibwenzi kudzera m'bokosi lomwelo, ndipo mapepala akewo ndi amene ankayamba kupsa.

Lachitatu lina m'mwezi wa Julaye kunacha ndi nkhungu yoti munthu sungaone kumene wachokera. Sukulu inali yakalikiliki kukonzekera Loweruka, tsiku lopereka mphotho. Makolo anali ataitanidwa, alendo ochokera ku boma la Dedza nawonso, ndipo holo inkayembekezeka kudzaza mpaka m'mawindo. Clotilda mwiniwake ankayembekezera mphotho ya sayansi.

Anakhuthulira mapepala pa tebulo m'kachipinda kosungira mabuku, n'kuyamba kukopera. Atafika chapakati anaona kapepala kosiyana ndi tinzake. Kanali kopindidwa kawiri m'litali, nsonga zake zitapindidwira kumbuyo, ina italowa m'kati mwa inzake. Asanakatsegule n'komwe, anazindikira kapindidweko.

Mawu ake anali a zilembo zazikuluzikulu, zolembedwa mwadala kuti dzanja lisadziwike:

"MUNANDICHOTSA NGATI GALU PA MLANDU WA ANTHU MAKUMI ANAYI. LOWERUKA MUDZADZAZA HOLO, INU NDI MAKOLO ANU NDI ALENDO ANU. NDILI NDI ZINTHU ZIMENE NKHONDO INAIWALA KUTSIDYA KWA MALIRE. MUDZATULUKA OCHEPA."

Clotilda anatentha mapepala ena onse monga mwa pangano. Kokhako anakapindanso n'kukalowetsa mu sokosi.

2. Anthu atatu okha

Kupinda kotere ankakudziwa anthu atatu okha m'mudzi monse, ndipo onse ankagona m'nyumba imodzi.

Bambo ake a Clotilda, a Alufeo, kale ankapereka mankhwala pa kachipatala ka mishoni. Timatumba ta pulasitiki tikatha, ankaika mapiritsi m'timapepala n'kupinda mwa njira yawoyawo kuti piritsi lisagwe, ngakhale wodwalayo alikwinyire kunsonga kwa chitenje. Ana awo awiri, Kalisto ndi Clotilda, anaphunzira kupindako asanaphunzire kulemba mayina awo.

M'chaka cha 1992, dziko likadali la chipani chimodzi, munthu wina anakatsina khutu akuluakulu kuti a Alufeo akusunga kalata yodzudzula boma. Inali pepala limodzi lokha, lobisidwa pansi pa botolo la mankhwala a chifuwa. Kunabwera galimoto yopanda nambala, masanasana, odwala ali pa mzere. A Alufeo anapita miyezi khumi ndi inayi. Mayi a anawo anamwalira iwo ali komweko.

Anabwerako, inde, koma amene anabwerayo sanali munthu yemwe uja. Sankalankhula. Tsiku lonse ankakhala pakhonde atayang'ana kuphiri, akung'amba nyuzipepala zakale n'kumapinda timapepala topanda piritsi. Lichero likadzaza, a Bernadetta, mng'ono wawo wa malemu mayi aja, amene ankalera anawo, ankatenga timapepalato kukakolezera moto. M'mawa a Alufeo ankayambiranso. Anthu odutsa anasiya kuwalonjera, ndipo ankalankhula zinsinsi zawo pamaso pawo ngati akulankhula pafupi ndi chitsa.

Kalisto ndiye anali mutu wa sukulu m'banjamo. Chaka chapitacho, ali Fomu 4, ophunzira anachita zipolowe chifukwa cha zakudya, n'kuswa mawindo a holo. Oswawo analipo pafupifupi makumi anayi. Koma mlandu umafuna khosi loti ukhalepo, ndipo khosi la mwana wopanda womulankhulira ndi limene linapezeka msanga. Ena onse makolo awo anabwera kudzapepesa. Kalisto anachotsedwa kutatsala miyezi iwiri kuti alembe mayeso.

Tsopano ankapikula mbatatesi kutsidya kwa malire a Mozambique n'kumadzagulitsa pa njinga. Sukulu imene inakana mutu wake sinakane mbatatesi yake, poti inali yotsika mtengo. Ankalowa kudzera khomo la kukhitchini, pafupi penipeni ndi bokosi lija.

3. Mawu chabe

Madzulo a Lachitatu lomwelo Clotilda anapeza mchimwene wake kuseri kwa nyumba akusoka matumba. Anali atangomaliza limodzi, losokedwa ndi chingwe chabuluu. Clotilda anafuna kukhala pa thumbalo.

"Usakhale pamenepo!" Kalisto anamukoka mkono mwamphamvu, mpaka mtsikanayo anadzandira. Kenako anaseka pang'ono n'kunena kuti angaphwanye katundu wa eni.

Clotilda anatulutsa kapepala kaja mu sokosi n'kukagwira m'manja osakatsegula. Kalisto anakayang'ana, n'kubwerera pa singano yake.

"Achimwene, kodi n'chiyani ichi?"

"Iwe unalumbira. Kopera m'buku, utenthe."

Mtsikanayo anamufunsa ngati zimene analembazo zinali zoona. Kalisto anati anali mawu chabe. Ankangofuna kuti ahedi agone masiku atatu m'mimba mukuwawa, monga iye wagonera chaka chonse. Anati dziko linasintha, munthu samangidwanso chifukwa cha pepala, ndipo ngati ufulu wolankhula ndi wa andale okha, amuuze. Analankhula mofatsa, mwanzeru, monga ankachitira pa mitsutso ya kusukulu, ndipo Clotilda anamva mtima wake ukuyamba kutsika. Ankafunitsitsa kumukhulupirira.

Anatembenuka kuti azilowa m'nyumba. Apo Kalisto analankhula, maso ali pa thumba.

"Koma Loweruka usapiteko. Unene kuti wadwala. Mphotho adzakusungira."

Clotilda anaima. Munthu amene walemba mawu chabe sauza mlongo wake kuti akhale kunyumba.

A Bernadetta anali atamva zonse ali m'khitchini. Anadikira Kalisto apite kudimba, kenako anamuitana Clotilda n'kutseka chitseko.

"Khala apa, mwana wa mkulu wanga, undimve bwino. Mchimwene wakoyu mtima wake uli ndi bala, ndipo munthu wa bala amalankhula zambiri zimene sangachite. Ine ndinamusambitsa ali wakhanda. Nkhuku imene amalephera kupha, angaphe anthu? Kapepalako tentha. Taona pakhondepo. Bambo ako aja anali munthu woseka, woimba kwaya, wodziwa dzina la mwana aliyense m'midzi isanu. Anawatenga chifukwa cha pepala, ndipo amene anakanena anali munthu woti ankadya nawo m'mbale imodzi. Mpaka lero munthu ameneyo akadutsa, amayi amalavula pansi. Iwe ukufuna dzina limenelo? Amati boma lasintha, koma zitseko za kundende n'zomwe zija, ndipo sizidziwa kuti kunja kuno kunali mavoti. Nyumba ino inapereka kale munthu mmodzi. Ukapereka wachiwiri ndi dzanja lako, mayi ako kumanda kuja udzawauza chiyani?"

Clotilda anatuluka panja n'kuona bambo ake akupinda, lichero lili pafupi kudzaza. Anamva chisoni chachikulu, ndipo anamvanso mantha, osadziwa kuti chachikulu n'chiti.

4. Zimene Sisitere Monika anaona

Lachinayi m'mawa anali atapeza njira imene inkaoneka yapakati. Anakopera mawu aja m'buku monga mwa pangano, osatchula munthu, n'kupita nalo kwa Sisitere Monika, mphunzitsi wa sayansi amene ankalandira bukulo sabata iliyonse. Anaganiza kuti sukulu iimitsa mwambo wa Loweruka, anthu apulumuka, Kalisto nayenso apulumuka.

Podutsa pa khitchini anaona njinga ya mchimwene wake itatsamira khoma, thumba la chingwe chabuluu lili pa kaliyala. Mkulu wophika ankauza Kalisto kuti alowetse matumbawo m'sitolo ya kuseri kwa holo, chifukwa atsikana a Fomu 1 adzasenda mbatatesi yonse Lachisanu likangolira belu la masana. Kalisto sanamve mawuwo, poti anali atalowa kale ndi thumba lina paphewa. Clotilda anawerama n'kudutsa msanga.

Sisitere Monika anali mayi wachikulire, wamfupi, wa maso ofooka. Anawerenga za nyemba zofumbwa akumwetulira. Atafika pa mzere uja anavula magalasi, n'kuwavalanso, n'kuwerenganso. Anafunsa ngati pepala lenileni linapsa. Clotilda anayang'ana pansi.

"Sindikufunsa dzina," anatero Sisitere. "Unalumbira, ndipo ndinalipo. Koma ndikuuze zimene ndinaona, kenako uchite zimene ungachite.

"Nthawi ya nkhondo ya kutsidyaku ndinkathandiza pa chipatala cha anthu othawa kwawo, kumalireko. Tsiku lina anatibweretsera anthu pa ngolo ziwiri, ochokera pa kamsika kena. Munthu anali ataponya bomba la m'manja pakati pa amayi ogulitsa tomato. Sindikuuza zimene zinali pa ngolozo, ndiwe mwana. Chimene ndikufuna umve ndi ichi. Mayi wina amene ndinkamumanga mwendo ankangobwereza mawu amodzi, kuti ananena, ananena. Ndinamufunsa kuti ndani. Anati mwamuna ameneyo ananena poyera masiku atatu m'mbuyomo, pa mowa, natchula tsiku ndi malo. Anthu khumi anamva. Ena anaseka. Ena anati n'kuledzera. Ena anati ndi mwana wa m'mudzi mwathu, tingamupereke bwanji? Onse khumi anali anthu abwino, Clotilda. Panalibe woipa pakati pawo.

"Ukuganiza kuti tikaimitsa Loweruka ndiye kuti zatha? Lolemba holo idzadzazanso pa mapemphero a m'mawa. Lachiwiri chimodzimodzi. Sitingatseke sukulu mpaka mtima wa munthu uzizire, pamene sitikudziwa kuti ndi mtima wa yani.

"Za bambo ako ndikuzidziwa. Iwo anasunga pepala lonena kuti anthu akuvutika, ndipo anawalakwira kwambiri. Pepala ili likunena kuti anthu adzafa, latchula tsiku, latchula malo, latchula chida. Onse ndi mapepala, koma si chinthu chimodzi. Ufulu tinavoterawu ndi woti munthu anene kuti ahedi anandilakwira, ngakhale aimirire padenga. Si woti auze ana mazana atatu kuti mudzatuluka ochepa.

"Ndipo ndisakunamize. N'kutheka kuti munthuyu alibe kalikonse. Ukamutchula, akamugwira, osapeza kanthu, anthu adzakuda, ndipo palibe adzabwere kudzakuthokoza chifukwa cha maliro amene sanachitike. Koma mayi uja wa mwendo, mpaka lero ndimamumva."

Panja ana a kwaya anali atayamba kuphunzira nyimbo ya Loweruka, ndipo mawu a tiana ta Fomu 1 ankamveka pamwamba pa ena onse.

Clotilda anavula chingwe cha kiyi m'khosi n'kuchiika pa tebulo, chifukwa munthu wophwanya lumbiro sayenera kusunga kiyi. Kenako anawerama, natulutsa kapepala kaja mu sokosi.

"Ndi achimwene anga, a Kalisto," anatero. "Andiuza kuti Loweruka ndisabwere."

5. Galimoto yokhala ndi nambala

Sisitere atakanena nkhaniyo, apolisi anamupeza Kalisto chakumasana pa msewu wokwera kumudzi, akukankha njinga yopanda katundu. Anabwera naye kunyumba, Clotilda ndi Sisitere ali m'galimoto momwemo. Galimotoyi inali ndi nambala. Wapolisi wamkulu anatchula dzina lake, anaonetsa chikalata chololeza kusecha, ndipo anauza Kalisto kuti akumumanga pa mlandu woopseza kupha anthu, komanso kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Zonse zinachitika mwa dongosolo. Koma kwa anthu a m'mudzi amene anathamangira kudzaona, galimoto inali galimoto basi, ndipo inaima pakhomo lomwe lija.

A Alufeo anali pakhonde. Ngakhale ataona mayunifolomu, sanasiye kupinda. Kapepala kamodzi kanang'ambika, anatenga kena.

Apolisi anasecha m'nyumba, m'nkhokwe, m'khola la mbuzi, mpaka kudimba. Anatokosa denga ndi ndodo. Anakumba pamene dothi linkaoneka lofewa. Anapeza makope akale a Kalisto atamangidwa bwinobwino m'pepala la pulasitiki, ndipo china chilichonse sanapeze.

A Bernadetta anafunsa mokweza kuti ngati sanapeze kanthu, mwanayo akupita nayenso kuti. Wapolisi anayankha mwaulemu kuti pepala lokhalo ndi mlandu, ndipo sangadikire kuti munthu achite kaye ndiye amugwire. Anati khoti ndilo lidzaone.

Kalisto sanakane kuti analemba ndi iye. Pokwera galimoto anayang'ana mlongo wake, osakalipa, osatukwana.

"Ndinapinda muja kuti udziwe kuti ndine," anatero. "Ndimaganiza kuti pa anthu onse, iwe ndiwe sungandipereke."

Galimoto inatsika phiri. Anthu anabalalika pang'onopang'ono, ndipo nkhani inafika kumjigo iwo asanafike. Mtsikana uja wasukulu wagulitsa mchimwene wake chifukwa cha mphotho. Apolisi akumba mpaka m'khola, sanapeze ngakhale mpeni. Magazi amodzi, mimba imodzi, koma taonani. Amayi ena amene anamubereka Clotilda kumbuyo ali mwana anamudutsa osamuyankha moni.

A Bernadetta sanamulalatire. Anangomuikira chakudya chake pa mbale yayekha, chapatali, monga amachitira ndi mlendo. Uthenga unabweranso wochokera kusukulu kuti poti munthu wagwidwa ndipo chida sichinapezeke, mwambo wa Loweruka ulipo monga mwa kale.

Clotilda analira kuseri kwa nkhokwe mpaka mutu unamupweteka. Mawu a Sisitere onena kuti palibe adzamuthokoze anali atakwaniritsidwa tsiku lomwelo, ndipo kudziwiratu sikunachepetse ululu ngakhale pang'ono.

6. Pansi pa thanthwe

Lachisanu Clotilda sanapite kusukulu. Sakanatha kuyang'ana anzake amene anamva lumbiro lake. A Bernadetta anapita ku boma kukaona Kalisto, osamufunsa ngati akufuna kupita nawo. Pakhomo panatsala iye ndi bambo ake.

Dzuwa litakwera, nkhungu itayamba kung'ambika, Clotilda anazindikira kuti pakhonde pasowa phokoso lina lake. Kunalibe kukhwekhwereza kwa nyuzipepala. Anatuluka n'kupeza a Alufeo ataimirira, atavala jekete lawo lakale la kuchipatala, lichero lili pansi lopanda kanthu.

Anamugwira dzanja. Chibwerereni kundende anali asanagwirepo munthu dzanja.

Anakwera njira ya amayi otola nkhuni yolowera m'nkhalango. Bamboyo ankayenda pang'onopang'ono, akupuma pafupipafupi, koma sankakayika polowera. Clotilda anawafunsa kawiri kumene akupita, osayankhidwa. Anasiya njira, nadutsa m'mitengo ya masuku, mpaka anafika pa thanthwe lalikulu lopendekeka, la mphako pansi pake. Kuchokera pamenepo munthu ankaona chigwa chonse, ndi malata a sukulu akung'anima kumunsi.

A Alufeo analoza m'mphakomo, koma anamugwira phewa kuti asayandikire kwambiri. Munali chitini chakale cha mkaka wa ufa, chivundikiro chili pambali. M'katimo, pa nsanza, panali chinthu chobiriwira moderako, cha dzimbiri, cha kamphete kumutu. Kukula kwake kunali ngati mbatatesi yaikulu, ndipo ndi dothi limene linamatirira, munthu wothamanga sakanasiyanitsa.

Clotilda anazindikira kuti linali bomba la m'manja. Ndiye kuti sanamunamizire mchimwene wake. Anayembekezera kuti mtima upepuka, koma unalemera kuposa dzulo.

Apo anamva mawu a bambo ake, amene anali atawaiwala, osasa, otuluka movutikira.

"Ine ananditenga chifukwa cha pepala. Mchimwene wakoyu sanamutengere pepala."

"Abambo, mumadziwa?"

"Ndinamutsatira kawiri. Amayesa sindiona. Dzulo ndinafuna kunena. Nditaona mayunifolomu, pakamwa panakana. Iwe unatha, mwana wanga. Ine ndinalephera."

Clotilda anafuna kuwakumbatira, kuwauza kuti alankhulenso, alankhule chilichonse mpaka dzuwa lilowe. Koma bamboyo sankayang'ana iye. Ankayang'ana m'chitinimo, nkhope itachita tsinya. Mtsikanayo anayang'anitsitsa. Pa nsanza paja, pambali pa chinthucho, panali kadzenje kena kobulungira, kopanda kanthu.

"Lachitatu m'mawa," anatero a Alufeo, "analipo awiri."

Lachitatu. Clotilda anakumbukira mchimwene wake akusoka thumba kuseri kwa nyumba. Anakumbukira mmene anamukokera mkono kuti asakhalepo. Anakumbukira chingwe chabuluu pa kaliyala wa njinga, pakhomo la khitchini, ndi mawu a mkulu wophika amene Kalisto sanamve. Apolisi anasecha nyumba, nkhokwe ndi khola, koma palibe amene anaganiza za matumba amene anali atalowa kale m'sukulu. Ndipo Kalisto, kumene anali, ankaganiza kuti thumba lake silikhudzidwa mpaka Loweruka.

Kumunsi kuchigwa, belu la masana linayamba kulira. Pabwalo la sukulu panaoneka timadontho toyera, atsikana a Fomu 1 akutuluka m'makalasi, akulowera kuseri kwa holo ndi mipeni yawo yosendera.

Clotilda anavula nsapato n'kuyamba kuthamanga.